Tembelelo la Farao ndi Manda a Amai Anga

Filimu yoyamba imene inandisowetsa tulo ndinaipenyelela m'kanyumba ka malata ku Chawama, ndili ndi zaka 11. Masiku amenewo nyumba zokhala ndi TV mu komboni mwathu zinali zowelengeka, conco tikatola kandalama tinali kuthamangila ku vidiyo. Unali kulipila pakhomo, n'kulowa mumdima wonunkha thukuta ndi fodya, n'kupanikizana ndi anzako pa benchi ya thabwa limodzi. Tsiku limenelo pa kabolodi ka panja analembapo ndi coko kuti The Mummy. Cizungu canga cinali ca giredi 5, ndiye ndinaganiza kuti ndi filimu yokamba za amai a munthu wina. Ndinatsala pang'ono kubwelela, popeza ine ndinali kufuna ya karate. Mnzanga ndiye anandikoka dzanja.

Amai amene ndinali kuyembekezela sanaoneke. M'malo mwake munatuluka cimunthu cowola, ca nsanza zolendewela, cimene cinauka cifukwa mkazi wina anawelenga mokweza buku limene silinayenele kutsegulidwa. Munali tizikumbu tolowa pansi pa khungu la munthu n'kumathamanga m'thupi iye akali moyo. Munali cimphepo ca mcenga cokhala ndi nkhope ndi kamwa. Pamene tinatuluka, kunja kunali kutada. Ndinathamanga osaceuka mpaka kunyumba, ndipo usiku umenewo ndinasiya mphasa yanga n'kukadzipinda kumapazi kwa amai anga.

"Nanga iwe, waona ciani?" anandifunsa.

Ndinanama kuti m'mimba mundipweteka. Iwo sanafunsenso. Anandifunditsa citenge cao, n'kuika dzanja pamsana panga mpaka ndinagona.

Kucokela tsiku limenelo nkhani za manda a ku Egypt, dziko limene ku chalichi timalichula kuti Iguputo, sizinandicokenso. Nditafika ku UNZA, ndalama zina za cakudya zinali kuthela pa mabuku akale aja amawayala pansi m'mbali mwa Cairo Road: ong'ambika cikuto, onunkha nkhungu, ena opanda masamba otsiliza. Lililonse lokhala ndi piramidi kapena nkhope ya golide pacikuto ndinali kulitenga. Mpaka lelo, ndili ndi digiri ndipo ndiphunzitsa History pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka, ndikatsiliza kuconga mapepala usiku ndimatsegula buku la mtundu umenewu.

Mukawelenga atatu kapena anai, njila yake mumaidziwa ngati ya ku cigayo. Pamakhala mzungu wophunzila kwambili amene wafuna-funa manda ena kwa zaka. Pamakhala wolemela amene alipila nchito yonse. Pamakhala nkhalamba ya kumaloko imene icenjeza kuti pano musakumbe, koma palibe aimvela. Pakhomo la manda apeza mau olembedwa, wina awamasulila monjenjemela, enawo aseka. Atsegula. Nyali izima yokha. Ndiyeno anthu ayamba kufa mmodzi-mmodzi, kuyambila uja anaseka kwambili. Zonsezi timazidziwa tisanafike pa tsamba 20, koma timawelengabe mtima uli m'mwamba. Ife okulila mu komboni sitifunika kutifotokozela cifukwa cake manda ndi malo oopsa. Tinakula akutiletsa kuloza manda ndi cala, tinakula tikusamba m'manja pocokela ku malilo. Conco tikamawelenga timakhala ku mbali ya wakufayo. Timafuna kuti wakuba alipile.

Zimenezi ndinali kuziona ngati zotayitsa nthawi cabe, mpaka caka catha, tsiku lina pa Citatu masana. Ndinali kuphunzitsa giredi 10 za Broken Hill Man, cigaza ca munthu wakale cimene anacipeza mu mgodi ku Kabwe mu 1921. Ndinawauza kuti akatswili masiku ano amati cili ndi zaka pafupi-fupi 300,000, kuti cinatumizidwa ku London, ndi kuti mpaka lelo cili ku Natural History Museum, ngakhale kuti Zambia yakhala ikupempha kwa zaka zambili kuti cibwelele. Kuno tili ndi cofanizila cabe. Kalasi inali zii ndi kutentha kwa October. Ndiye mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene nthawi zambili amawodzela, anaimika dzanja.

"Ba Sir, manje aja anatenga mutu wa ku Kabwe, tembelelo silinawagwile bwanji? Aja anatsegula manda ya Tutankhamun onse anafa. Olo mizimu yathu ilibe mphamvu monga ya ku Egypt?"

Kalasi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, koma funsolo linali labwino kuposa phunzilo langa. Ndinawalonjeza kuti pa Cisanu tidzaika silabasi pambali kwa piliyodi imodzi.

Zimene ndinawauza pa Cisanu ndi izi. Pa 4 November 1922, anchito a ku Egypt otsogoleledwa ndi Howard Carter, Mngelezi wofukula zinthu zakale, anapeza sitepe yoyamba ya manda m'cigwa cochedwa Valley of the Kings, pafupi ndi Luxor. Pa 26 November Carter anaboola kadzenje pa citseko ca m'kati, anapisa kandulo, n'kuona golide akunyezimila mumdima. Mandawo anali a Tutankhamun, mfumu imene inamwalila ikali mnyamata wa zaka 18 kapena 19, zaka zoposa 3,300 zapitazo. Amene anali kulipila nchitoyo anali Lord Carnarvon. Mu February 1923 anatsegula cipinda cimene munali bokosi la mfumu. Patapita milungu yocepa udzudzu unaluma Carnarvon pa tsaya, iye n'kudziceka pa cilondaco pometa ndevu. Cilonda cinalowa tizilombo, magazi anaipa, cibayo cinabwela, ndipo pa 5 April 1923 anamwalila ku Cairo. Anali munthu wodwala-dwala kale kucokela pamene anacita ngozi ya motoka zaka zambili m'mbuyomo, ndipo nthawi imeneyo mankhwala monga penicillin kunalibe.

Apa m'pamene manyuzipepala analowelela. Carnarvon anali atagulitsa ufulu wolemba za mandawo ku nyuzipepala imodzi cabe, The Times ya ku London. Atolankhani ena onse anali kuima panja padzuwa, opanda cokamba. Tembelelo linawapatsa nkhani yosafuna cilolezo ca munthu. Wolemba mabuku wina wochuka nthawiyo, Marie Corelli, anali atalemba kale kalata ku manyuzipepala yocenjeza za tsoka logwela otsegula manda. Carnarvon atamwalila, Arthur Conan Doyle, uja analemba nkhani za Sherlock Holmes, anauza atolankhani kuti mwina mizimu yolonda manda ndiyo yamupha. Kucoka apo, aliyense amene anapondako ku mandako akamwalila, olo ndi ukalamba, anali kumuwelengela pa tembelelo.

Koma m'manda a Tutankhamun simunapezeke mau alionse otembelela. Carter mwiniwake, amene anatha zaka pafupi-fupi 10 akutulutsa ndi kulemba zinthu zoposa 5,000 za m'mandamo, anamwalila mu 1939 ali ndi zaka 64. Mwana wamkazi wa Carnarvon, Evelyn, mmodzi wa oyamba kulowa, anakhala ndi moyo mpaka 1980. Mu 2002 magazini ya madokotala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wa azungu 25 amene analipo potsegula manda, mabokosi kapena mtembo weniweniwo, ndipo avaleji ya zaka zao pomwalila inali 70. Ndinauza ana kuti agwile liu lakuti azungu. Amuna a ku Egypt amene anasenza dothi m'madengu, pamodzi ndi kapitao wao Ahmed Gerigar, nkhani ya tembelelo siiwawelengela, kaya anafa msanga kaya anakalamba.

Ndinawauzanso cinthu cimene ine ndinacidziwa mocedwa, cakuti tembelelo linayambila m'mabuku, Tutankhamun asanapezeke n'komwe. Mu 1869 Louisa May Alcott wa ku America analemba kankhani kochedwa Lost in a Pyramid. M'menemo amuna awili osocela m'piramidi atentha mtembo woumika kuti owafuna aone moto, n'kutenga njele zimene zinali pamtembopo, ndipo duwa lomela pa njelezo libweletsa imfa ndi tsoka kunyumba. Mu 1892 Conan Doyle yemwe uja analemba Lot No. 249, nkhani ya wophunzila wa ku Oxford amene ali ndi mtembo wogulidwa pa okushoni, n'kumauutsa usiku kuti uzikagwila adani ake pakhosi. Mu 1903 Bram Stoker, mlembi wa Dracula, anatulutsa The Jewel of Seven Stars, buku la mfumukazi Tera ya dzanja la zala 7. Pamene Carnarvon anali kudwala, owelenga anali okonzeka kale. Anangotenga nkhani ya m'buku n'kuiveka munthu weniweni.

Amene sanatengeke anali Agatha Christie. Caka comweco ca 1923 analemba The Adventure of the Egyptian Tomb, mmene anthu ofukula manda afa motsatizana ndipo onse aloza tembelelo, mpaka wofufuza Poirot apeza kuti wakupha ndi munthu wamoyo wa m'gulu lomwelo, amene anabisala kumbuyo kwa mantha a anzake. Nkhani imeneyi ana anaimva msanga. Onse anaonapo malilo amene nkhalamba ina inanamizilidwa ufiti, pamene amene anapindula ndi imfayo akhala phee pa mpando wa kutsogolo.

Nanga n'cifukwa ciani anthu a ku Britain ndi America anali kulota mitembo yobwezela? Yang'anani zimene anali kucita masana. M'zaka za m'ma 1830 dokotala wina wa ku London, Thomas Pettigrew, anali kugulitsa matikiti kuti anthu adzapenyelele iye akuvula nsalu za mitembo ya ku Egypt, monga mmene ife tinali kulipilila ku vidiyo. Olemela opita kukaceza ku Egypt anali kubwelako ndi dzanja kapena mutu wa munthu m'cikwama kuti akaike pa shelefu. Mitembo ina anaipela n'kupangila utoto wa bulauni wa ojambula zithunzi, ndipo zaka mazana m'mbuyomo ku Europe anali kuigulitsa ngati mankhwala. Munthu amene wacita zotelo kwa ambuya a mnzake, usiku sagona bwino. Ine ndiona kuti tembelelo la m'mabuku ndi cikumbumtima ca otengawo, cimene anaciveka nsanza n'kucipatsa miyendo. Ngakhale dzina la cimunthu ca mu filimu ija, Imhotep, analitenga kwa munthu weniweni: nduna ya mfumu Djoser imene amati ndiyo inamanga piramidi ya masitepe ku Saqqara, ndipo mibadwo ya pambuyo inailemekeza monga mulungu wa zocilitsa. Mmisili wolemekezeka, Hollywood inamusandutsa cipuku.

Eni ake a manda analemba ciani? Matembelelo enieni alipo, makamaka pa manda a nduna ndi akulu-akulu ena, osati a mafumu. Amaopseza wowononga manda kapena wolowamo ali wodetsedwa kuti ng'ona kapena njoka idzathana naye, kapena kuti adzaweluzidwa pamaso pa mulungu wamkulu. Koma sanaletse akuba. Kuli mipukutu ya gumbwa ya nthawi ya mfumu Ramesses IX, zaka pafupi-fupi 1,100 Yesu asanabadwe, yolemba milandu ya akuba a m'manda. M'menemo muli mmisili wa miyala amene anavomela kuti iye ndi anzake anaboola manda a mfumu ina, anatenga golide, n'kutentha mabokosi. Amene anawagwila ndi akulu a boma ndi makhoti a nthawiyo, osati mizimu. Ngakhale m'manda a Tutankhamun akuba analowamo kawili, mfumuyo itangoikidwa kumene.

Cimene cimapezeka kwambili pa manda amenewo si ciopsezo koma pempho. Wakufa apempha odutsa, iwo amene akali moyo, kuti aime pang'ono, achule dzina lake ndi kumufunila mkate ndi mowa, ngakhale ndi pakamwa pokha ngati m'manja mulibe kanthu. Kwa anthu a ku Egypt wakale, dzina linali mbali ya munthu monga mtima kapena cithunzithunzi cake. Dzina likafafanizidwa, munthu anali kufa kaciwili. Ndiye cifukwa cake mafumu obwela pambuyo, pofuna kuiwalitsa banja la Akhenaten amene anasintha cipembedzo ca dzikolo, anacotsa Tutankhamun pa mndandanda wa mafumu. Apa mlandu umavuta kuweluza. Mu 1925 Carter ndi anzake anadula-dula mtembo wa mnyamatayo, mpaka kucotsa mutu, kuti amatule cophimba kumaso ca golide cimene cinamatilila ndi utomoni. Koma ndi iwo omwe anabweza dzina lake m'kamwa mwa anthu, cakuti lelo ngakhale mwana wa mu komboni wowodzela m'kalasi alidziwa. Ndipo mu nkhani ija ya Conan Doyle, cimene cimandiopsa masiku ano si manja a mtembowo. Ndi cakuti ulibe dzina. Uli ndi nambala cabe, 249.

Ndinatsiliza ndili wokhutila. Kwa mnyamata uja ndinayankha kuti mizimu ya ku Kabwe siinafooke, pakuti ya ku Egypt nayonso siinaphe munthu. Belu litatsala pang'ono kulila, mtsikana wina wa kutsogolo, wosakamba-kamba, amene ndinali kudziwa kuti anataya atate ake temu yapitayo, anafunsa osaimika ngakhale dzanja.

"Ba Sir, manje ngati tembelelo kulibe, ni ndani alonda anthu akufa?"

Belu linalila. Ndinati tidzakambilana, ndinatenga coko canga n'kutuluka. Zoona zake n'zakuti ndinathawa.

Amai anamwalila mu 2004, ine ndili ndi zaka 15. Tinawaika ku manda aakulu a mu mzinda, kumene maenje amakumbidwa m'mizele ngati munda wa cimanga, ndipo malilo atatu kapena anai amaimba nthawi imodzi. Ndalama ya mwala kunalibe. Amalume analipila wowochelela kuti apange kacikwangwani ka citsulo, n'kulembapo ndi penti yoyela dzina la amai, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalila. Ndinapitako kangapo ndili ku sekondale. Ulendo wotsiliza unali mlungu umene ndinalandila digiri. Ndinavala jekete, ndinagula maluwa, ndinanyamula ndi cithunzi ca gauni kuti ndikawaonetse. Nditafika, tuzikwangwani tonse twa cigawo cimeneco kunalibe. Ena anazula n'kukagulitsa pa kilo kwa ogula zitsulo zakutha. Kunatsala mitumbila yofanana yokha-yokha, yomela udzu, ndipo pakati pake panali manda atsopano amene sindinawadziwe.

Ndinazungulila ola lathunthu. Pothela pake ndinangosankha mtumbila umodzi, ndinaikapo maluwa, ndinapemphela mofulumila, n'kupita kukakwela minibasi. Sindinauze munthu aliyense. Mlongo wanga akafunsa, ndinali kuyankha kuti kumanda kuli bwino. Caka ciliconse ndinali kudziuza kuti ndikapeza ndalama ndidzafufuza bwino n'kuika mwala, koma m'zaka zimenezo ndinagula mafoni anai, sofa ya pa loni, ndi mashelefu awili a mabuku okamba za anthu olangidwa cifukwa cosalemekeza manda. Palibe cinandicitikila. Sindinadwale, sindinalote amai akulila, nchito siinathe. Cimeneco ndico coopsa cimene mabuku anga sanandiuze: ungataye manda a amai ako, n'kumadya nsima bwino-bwino.

Usiku wa Cisanu cimene cija ndinatumila foni amalume ku Katete. Ndinayamba ndi moni wautali, za mvula, za fetelaiza. Iwo anangoti, "Aphunzitsi, kambani cimene mwatumila." Ndinakamba zonse. Anakhala cete nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina tokotaimu yatha. Ndiyeno anati, "Nditumizileni ya basi. Ndidzafika mlungu wa mawa."

Tinapita pa Ciwelu m'mawa, titanyamula khasu, cikwakwa ndi botolo la madzi. Ku ofesi ya kumanda anatsegula cibuku cakale n'kutipezela dzina ndi nambala, koma pansi panalibe cosonyeza nambala iliyonse. Amalume, munthu wa zaka zoposa 70, anayenda patsogolo ndi ndodo yao, akuchula zimene anasunga m'mutu kwa zaka 20: kanjila ka motoka kumanzele, manda a matailosi obiliwila, ndiyeno mtengo wa mthethe. Manda a matailosi tinawapeza. Mtengo unali utadulidwa, koma mdala wina amene amalimila manda a anthu kuti apeze ya sopo anatilozela citsa cake m'udzu. Kucoka pa citsaco amalume anawelenga mapazi. Anakaima pakati pa mitumbila iwili.

"Ndi umodzi mwa iyi," anatelo. "Tsiku la malilo, anthu atabalalika, ndinakwilila kapu yao ya enamulo kumutu. Ija ya mkombelo wabuluu, anali kumwela tiyi. Tipalase pang'ono cabe."

Ndinagwila khasu. Ine amene ndinaima pamaso pa kalasi yonse n'kuitsimikizila ndi madeti kuti tembelelo kulibe, manja anayamba kunjenjemela. Nanga tikapalasa pa manda a eni ake? Amalume anandigwila mkono kuti ndiyembekeze. Anavula cisote, anagwada movutika, anaomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba kukamba ngati munthu amene waima pakhomo la nyumba. Anayamba ndi kupepesa kwa mwini wa manda enawo, amene sitinali kumudziwa, kuti ndife alendo, tasocela, sitinabwele kudzatenga kanthu. Ndiyeno anachula dzina la amai lonse, pamodzi ndi ciwongo cao. Panali patapita zaka zambili ndisanalimve likuchulidwa mokweza.

"Mlongo wanga, ndine. Ndabwela ndi mwana wako. Wacedwa, koma wabwela."

Pa mtumbila woyamba sitinapeze kanthu, ndipo tinabwezela dothi bwino-bwino ndi manja. Pa waciwili, khasu litangolowa pang'ono, linagunda cinthu. Ndinalisiya n'kufukula ndi zala. Mkombelo wabuluu unaonekela, wadzimbili mbali imodzi. Ndinaidziwa nthawi yomweyo. Inali ndi kabala pafupi ndi cogwilila, pamene ndinaigwetsela pa simenti ndili mwana, n'kunamizila mphaka.

Sunali mtumbila umene ndinaikapo maluwa tsiku lija. Uja unali kutsogolo ndi mizele itatu.

M'mabuku anga, apa m'pamene wofukula amanyamula cimene wapeza n'kuciyang'anitsitsa padzuwa. Mtima wanga unafunadi kuitenga kapuyo, ndikaitsuke, ndikaiike pa shelefu kuti ndiziiona tsiku ndi tsiku. Tsiku limenelo ndinamumvetsa Carter kuposa mmene ndinamumvetsela m'mabuku onse. Ndinayang'ana amalume. Sanakambe kanthu, anangopukusa mutu pang'ono. Ndinaisiya pamalo pake n'kuikwilila.

Mwala tinaika mu April, mvula itatha. Si wodula. Ndi wa simenti, ndipo dzina tinalilemba mozama simenti ikali yaiwisi, kuti pasakhale cozula n'kukagulitsa pa kilo. Mlongo wanga anabwela ndi ana ake. Ndinamuuza zoona zonse, ndipo anatha milungu iwili osayankha foni yanga. Mwini wa manda oyandikana nao, amene dzina lake sitilidziwa, tinamulimilako udzu.

Mabuku anga sindinawataye. Mlungu watha ndagula lina pa Cairo Road, la nkhope ya golide pacikuto, ndipo ndidziwa kale amene adzayamba kufa. Koma masiku ano ndikafika pamene nkhalamba ya kumaloko icenjeza alendo, ndimawelenga pang'ono-pang'ono, cifukwa ndimaiona itavala cisote ca amalume.

Ana aja tsopano ali giredi 11. Ndinawasimbila nkhaniyi temu ino, pakuti ndinali ndi ngongole ya yankho kwa mtsikana uja. Iye anamvetsela, anagwedeza mutu, ndipo ndinaona akulemba kanthu kumbuyo kwa kope lake. Za Kabwe tinakambilananso. Cigaza cija cilibe tembelelo lociteteza, ndipo dzina la mwini wake palibe adzalidziwa. Ngati cidzabwelela kwao, cidzabwela cifukwa anthu amoyo sanaleke kucipempha.

Potuluka m'kalasi tsiku limenelo, mnyamata wa kumbuyo uja ananditsatila mpaka pa khonde.

"Ba Sir, kapu munaisiya zoona?"

"Ndinaisiya."

"Ndiye kuti munayopa tembelelo."

"Iyai," ndinatelo. "Si yanga. Ni ya amai."